Alamu anga ndi bedi la pazenera

Alamu anga, amuna ake a mlongo wanga wamng'ono, ali ndi miyendo iwiri. Ndayambira pamenepa chifukwa si nkhani yaing'ono ayi. Eni akewo mpaka lero amauyang'ana mwendo wakumanzere ngati katundu amene munthu wina anangowasungitsa.

Ntchito yawo ndi kusoka nsapato. Amakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakampando kotsika, nsapato pabondo, ulusi kukamwa. Dzina lawo lenileni ndikukayika ngati mlongo wangayo akulikumbukira. Tonse timangoti a Chabwino, chifukwa chibadwire mawu oti "ayi" sanadutsepo pakhosi pawo. Ntchitoyi sanachite kuisankha. Ali mnyamata ankangodzidutsira pakhondepo, ndiye mkulu amene ankasoka nsapato pamenepo anati, "Iwe, tandigwirirako iyi, ndikubwera." Mkuluyo sanabwere. Madzulo mwini nsapato anafika n'kufunsa ngati itha lero, alamu anati chabwino, n'kutola singano. Akadali pomwepo. Ukwatinso unayenda chimodzimodzi. Mlongo wanga anatopa n'kudikira kuti amufunsire, ndiye anangowauza tsiku.

Vuto la munthu wovomera zonse n'lakuti amamvera amene walankhula pomaliza. Ine ndikawauza kuti tiyeni kumanja, mkazi wawo n'kunena kuti kumanzere, amapita kumanzere. Ndikakhosomola n'kubwereza, amabwerera. Tili anyamata ndinkawayendetsa choncho pabwalo mpaka thukuta, mlongo wanga n'kundiponyera chidebe.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene sangachite ngakhale mutawaopseza ndi nkhwangwa: kudutsa pakhomo asanadutse wamkulu. Pokwera basi ankaima pambali n'kumati, "Atsogole akuluakulu," mpaka basi n'kunyamuka iwo ali pansi, akugwedezera mutu utsi. Zaka zawo zonse zaunyamata anafika mochedwa kulikonse. Anayamba kusunga nthawi atamera imvi, akuluakulu atachepa m'dziko.

Tsiku lina singano yosokera nsapato inaterera pa chidendene cha jombo n'kulowa m'chala chawo chamkombaphala. Anachikulunga ndi kansanza kopukutira polishi n'kupitiriza ntchito. Chala chinatupa, dzanja linatsatira, thupi linayamba kutentha. Mlongo wanga anawakoka mpaka kuchipatala, ndipo kumeneko anati agonekedwe. Ine ndinkapita kukawazonda masana aliwonse, belu la alendo likalira, poti ndinapuma ntchito ndipo kunyumba amandipempha kuti ndizituluka.

Wodi ya abambo inali chipinda chachitali, mabedi uku ndi uku. Kumapeto kuno kunali chitseko, moyandikana ndi chimbudzi. Kumapeto uko kunali zenera, lokhalo lotseguka, poti enawo anawamata ndi penti kalekale. Wodi yonseyo inali ndi namwino mmodzi. Odwala ankamutcha Kamvuluvulu. Musamuone ngati munthu woipa. Uku wina akusanza, uku diripi yatha, uku wina wagwa m'bafa, onse akuitana "Anesi! Anesi!" ndipo iye miyendo iwiri yomweyi. Ankalowa akuthamanga, kutuluka akuthamanga, moti odwala ambiri ankamudziwa kumbuyo kokha. Nkhope za anthu analibe nazo mpata. Ankawadziwa ndi malo ogona: Wapachitseko, Wapasinki, Wapakhoma, Wapazenera. Pa kangolo kake ka mankhwala ankandanda timakapu monga momwe mabedi anakhalira. Akafika pabedi, dzanja limene latambasuka ndi lomwe limalandira.

Njira imeneyi ikanayenda bwino anthu akanakhala mitengo. Koma m'wodimo munali a Kondakitala.

Mkulu ameneyu anagwira ntchito m'basi moyo wake wonse. Anabwera ndi msana. Msana unapola, iye anatsala. Mtima wake sunkalola kuona malo opanda munthu kutsogolo pamene anthu apanikizana kumbuyo. Ndiye anakhazikitsa lamulo lake: watsopano aziyambira kuchitseko, pafungo la chimbudzi, ndipo wina akatuluka, kaya woyenda yekha kaya wofunditsidwa mpaka kumutu, onse azisunthira kuzenera. Namwino akangotembenuka, ankamenya chitsulo cha bedi ndi supuni.

"Sunthani, sunthani, abwana, malo alipo kutsogoloko! Katundu pamiyendo! Wa diripi nyamula mtengo wako!"

Anthu ankasuntha mosangalala. Munthu ukagona m'chipatala umafuna kumva kuti ukupita penapake.

Alamu atafika, namwino anawalozera bedi la pasinki, n'kuika mankhwala a chala chawo m'kakapu ka pasinki. Iwo anati chabwino. Asanavule n'komwe nsapato, a Kondakitala anawagwira paphewa n'kuwauza kuti atsopano amakwerera kuchitseko. Anati chabwino. Mankhwala a chala anayamba kumwedwa ndi bambo wina wachifuwa amene anasunthira pasinkipo. Bamboyo anakhosomolabe mpaka tsiku lotuluka, koma zala zake zinali zosalala ngati za mlembi.

Kakapu ka pachitseko kanali ka munthu wina amene ankafuula n'kumenya makoma, ndiye munali mapiritsi ogonetsa. Ndinawapeza alamu akuliza mkonono, supuni ili m'kamwa. Mlongo wanga anati bola akupuma. Atasunthira pabedi lotsatira anapeza mapiritsi a munthu wotupa miyendo, aja ochotsa madzi m'thupi. Masana amenewo sitinacheze. Ankangodutsa ngati akuyeza kutalika kwa wodi, kupita kuchimbudzi, kubwera, kupita.

"Alamu, nanga zikuyenda?"

"Zikuyenda, alamu, zikuyenda kwambiri," anatero akudutsa, atagwira lamba wa thalauza.

Bedi lina linawapatsa mankhwala amene anasandutsa mkodzo wawo kukhala wofiira ngati dothi lakatondo, pa lina anawathira timadontho m'maso. Anandiuza kuti chipatalachi n'chakhama, sichisiya chiwalo. Chala chokha n'chimene chinkadikirabe, chikukula ngati nthochi.

Tsopano pazenera panali a Mlonda. Anali nkhalamba yoposa tonsefe, munthu amene anakalambira pageti la fakitale. Matenda a shuga anawadya phazi lakumanzere, linada bii, ndipo namwino anawaika pazenera dala kuti chilonda chizipitidwa mphepo. Poyamba a Kondakitala analemekeza zimenezo. Koma mphepo ikalowa pazenera siiima. Inkanyamula fungo la phazilo n'kuligawa bedi ndi bedi mpaka kuchitseko. Anthu anadandaula kuti tiyi sakumweka. A Kondakitala anagamula kuti katundu wonunkha amakhala kumbuyo, ndipo anyamata awiri a mabandeji ananyamula a Mlonda n'kukawagoneka pachitseko. Kumeneko anapeza mapiritsi ogonetsa aja. Anati sanagonepo tulo tokoma chonchi chichokereni kuntchito.

Bedi la pazenera linatsala lopanda munthu masiku angapo, ndipo aka kanali koyamba kuti pasapezeke wolilimbirana, chifukwa matiresi anali atamwa fungo. A Kondakitala anayang'anayang'ana n'kupeza alamu.

"Bwana wa chala, mwakwezedwa. Mpando wakutsogolo."

"Atsogole akuluakulu," anatero alamu.

Akuluakulu onse anafunda kumutu.

"Akana. Nyamukani."

"Chabwino."

Masana otsatira ndinawapeza atakhala tsonga pazenera, akumwetulira ngati mkwati. Mbale yawo inali yovundikira. Anati awauza kuti asadye kanthu kuyambira madzulo, chifukwa mawa m'mawa akupita ku opaleshoni.

"Afuna kung'amba chalacho? Zakhala bwino," ndinatero.

"Si chala. Mwendo."

Anakweza bulangete. Pansi pa bondo lakumanzere panali mtanda waukulu wolembedwa ndi cholembera chabuluu, ndipo ubweya anali ataumeta bwinobwino.

Ndinaseka mpaka misozi, poti alamu anga ndimawaseka tsiku lililonse ngati kumwa madzi. Kenako ndinaona kuti ndikuseka ndekha.

Anandifotokozera momwe zinayendera. Namwino anabwera ndi uthenga wa adokotala woti wapazenera phazi laipa, lidulidwe mawa lisanakwere. Anafika pabedi cholembera chili m'manja, khosi litapotokera kwa munthu wina amene ankadzizula diripi. Anafunsa kuti, "Mwendo wake ndi uti, bambo?" Alamu anaona kuti mayiyu watopa, si bwino kumubweza chimanjamanja. Anaganiza mofulumira. Bondo lakumanja ndi limene amaikapo nsapato posoka. Anatulutsa wakumanzere.

Mundifunsa kuti kodi namwinoyo sanaone kuti phazi n'labwino. Inu simunawaone mapazi a alamu anga. Munthu wosoka nsapato za anthu onse, iye mwini anakulira m'nsapato zosiyidwa ndi makasitomala, ina yaikulu ina yaing'ono. Zikhadabo zake n'zopindika ngati nyanga za nkhosa, chidendene n'chong'aluka moti mungasungemo ndalama yachitsulo. Kuwonjezera fungo la matiresi lija, ngakhale ine ndikanafunsa kuti sowo ili kuti.

Ndinathamangira namwino. Kuthamanga kwa munthu wa msinkhu wanga n'kongonena. Ndinamupeza pakhonde akukankha kangolo.

"Anesi, wapazenera uja ndi wa chala!"

"Wa chala ali pasinki, agogo. Wapazenera ndi wa mwendo."

"Anawasuntha!"

"Bedi silisuntha, n'lokhomerera. Pepani, wina akutaya magazi uko."

Ndinatsala ndikulankhula ndi kumbuyo kwake. Adokotala anali atapita kale, ndipo pachitseko chawo panali loko wamkulu ngati wa m'sitolo.

Ndinabwerera kwa a Kondakitala kuti akanene okha. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndisawononge dongosolo. Namwino akadziwa za kusunthaku adzayamba kuyang'ana anthu kumaso, ndipo akayang'ana iwowo adzawatulutsa, pamene kunyumba kwawo kuli mpongozi. Anawonjezera kuti mwendo ukhoza kuoneka bwino kunja, ngati tayala, koma chubu chitaphulika mkati.

Ndinapita kwa a Mlonda pachitseko. Ndinawagwedeza mpaka anatsegula diso limodzi. Ndinawauza kuti mwendo umene ukufunidwa ndi wawo.

"Ndikudziwa," anatero. "Musakuwe. Mwina aiwala."

Diso linatsekeka. Sindinawakwiyire. Phazi lowola ndi lako ndithu.

Mlongo wanga atafika n'kuona mtandawo sanalire, sanakuwe. Anaika basiketi pansi n'kunena kuti, "Bambo a ana, valani nsapato, tikupita kwathu."

"Chabwino."

Anavala. Tinafika pakati pa wodi, a Kondakitala n'kumenya supuni. "Palibe kutsika basi isanaime! Bwererani pampando!"

"Chabwino."

"Bambo a ana!"

"Chabwino."

Anazungulira pamenepo ngati nkhuku yodulidwa mutu, masewero anga akale aja, koma tsopano sanandiseketse. Belu lotulutsa alendo linalira. Namwino analowa akuthamanga n'kunena kuti alendo onse panja, wapazenera agone ndipo asadye. Mawu omaliza anali ake.

Panja mlongo wanga anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Achimwene, munthu uyu mwendo apereka. Ndimamudziwa. Adzathokozanso."

M'mawa mwake tinafika dzuwa litangotuluka. Kulowa m'wodi sikunatheke. Nthawi imeneyo pakhonde pamakhala mayi wokolopa, ndipo pansi pakanyowa ngakhale adokotala amazungulira. Tinazembera kuseri kwa nyumba, kupyola m'maluwa, mpaka pazenera lija. Ubwino wa mpando wakutsogolo ndi umenewo. Mlongo wanga analowetsa mphuno pakati pa zitsulo.

"Bambo a ana, akabwera mukane. Mwamva? Munene kuti ayi."

"Chabwino."

"Osati chabwino! Ayi!"

"Chabwino, mayi a ana."

Ine ndinayesa njira ina. "Alamu, akakudulani, ndani azipalasa njinga kukagula guluu?"

"Ndiye poti alamu mulipo," anatero mwaulemu.

Namwino analowa ndi bambo wokankha machira a matayala. Tinakuwa tonse awiri kuti si ameneyo, si ameneyo. Koma m'wodimo aliyense amakuwa china chake m'mawa, ndipo namwino anaphunzira kutseka makutu kuti ntchito itheke. Anakankha zenera n'kulitseka, akunena kuti fumbi lilowa pachilonda. Tinaona pagalasi milomo yake ikuyenda, ndipo tinaona mutu wa alamu ukugwedezeka. Anakwera okha pamachira, n'kudzifunditsa bwinobwino.

Mlongo wanga anathamanga. Sindinkadziwa kuti amatha. Anazungulira nyumba, ine pambuyo ndikupuma ngati pampu yakutha, ndipo atafika pakhonde anaponda pansi ponyowa, mayi wokolopa akuyang'ana. Anthu a m'chipatalamo amaikambabe nkhani imeneyo kuposa ya mwendo.

Tinafika pachitseko cha wodi n'kupeza machira ataima, theka mkati theka kunja. Wokankha uja ankakankha, machira osayenda. Dzanja la alamu, lotupa lomwelo, linali litagwira mphuthu ya chitseko.

"Bambo, siyani chitseko," anatero namwino.

"Chabwino," anatero alamu. Dzanja silinamve.

"Ndati siyani!"

"Chabwino, anesi. Koma atsogole akuluakulu."

"Akuluakulu ati?"

Alamu analoza ndi chibwano bedi la pachitseko, pamene a Mlonda anali maso, poti mapiritsi a tsikulo anali asanafike.

"Bambo awa. Iwo anayamba kudikira za mwendo kalekale, pazenera paja, ine ndisanakwezedwe. Si ulemu kuti wanga uyambe."

"Pitani, mwana wanga, ine sindikufulumira," anatero a Mlonda, akukoka bulangete.

"Chabwino, bambo. Koma tsogolani."

"Ndakulolezani ndi mtima wonse."

"Zikomo kwambiri. Mukatuluka inu, ine ndilowa."

Anapatsana ulemu choncho ngati anthu awiri pakhomo la tchalitchi, aliyense akukankhira mnzake kumpeni.  A Kondakitala anayesa kumenya supuni, koma inamveka ngati ya mwana.

Pamenepo Kamvuluvulu anaima. Ndinamuona nkhope koyamba. Anali mtsikana ndithu, wa msinkhu wa mdzukulu wanga, maso ofiira ndi kutopa. Anapita pabedi la a Mlonda n'kukweza bulangete. Fungo linayankha lokha. Kuda kuja kunali kutadutsa pa akakolo, kukukwera. Anabwerera kwa alamu, n'kuyang'ana mtanda umene analemba yekha, kenako dzanja lili pachitseko.

"Chala ichi chinatani?"

"N'chimene ndinabwerera kuno, anesi. Koma musadzivute nacho, ndaona kuti muli ndi zambiri."

Namwino anakhala pansi m'mphepete mwa machira, n'kugwira pakamwa. Mlongo wanga anali atabwera ndi mawu okwana dengu, koma atamuyang'ana mwanayo anangoti, "Mayi, mwamunayu ndi wopusa, koma ndi wathunthu. Ndimufuna choncho."

Atadzuka, namwino analamula kuti aliyense abwerere pabedi limene anamuika tsiku lobwera. Palibe amene ankakumbukira. Ndiye anayamba kuchitseko, bedi ndi bedi, kumuyang'ana munthu m'maso n'kumufunsa kuti ndinu ndani ndipo chikukuvutani n'chiyani. Zinatenga m'mawa wonse. Ena analira pofunsidwa. Wachifuwa uja anapempha kuti asamulande mapiritsi a zala. Atafika kwa a Kondakitala anawauza kuti aweramire pansi, iwo n'kugwira zala zakumapazi mosavuta asanakumbukire kubuula. Anatsika pa siteji imeneyo.

A Mlonda anapita ku opaleshoni tsiku lomwelo, pamachira omwewo, alamu ataima pambali pa chitseko manja kumbuyo. Adokotala ananena kuti mankhwala a pazenera akanawafika masiku onse aja, akanadula pansi pa bondo. Anadula pamwamba. Zimenezo sindiseka nazo.

Chala cha alamu anaching'amba, mafinya n'kutuluka, ndipo chinapola chopindika. Akakulozerani njira muzipita kumanzere pang'ono kwa kumene chikuloza. Akuluakulu a chipatala anabwera atavala mataye kudzapepesa. Alamu anawapepesanso chifukwa chowachedwetsera ntchito.

Inu mukuganiza kuti nkhani inathera pamenepo, koma mutu wa alamu anga uli ndi njira zakezake. Iwo amakhulupirira kuti anangopatsa mkulu mpata, ndipo nthawi yawo ikadalipo. Tonse tawafotokozera, iwo amati chabwino. Koma mawu a namwino oti wapazenera ndi wa mwendo anawalowa pamalo amene mawu athu safika, chifukwa ananenedwa ndi munthu wa yunifolomu. Atatuluka ankasamba mwendo uli kunja kwa beseni kuti mtanda usafufutike. Mlongo wanga anaukwecha ndi sopo iwo akuwodzera masana. Atadzuka anaujambulanso ndi polishi wakuda, kuti anthu asadzavutike kufunafuna.

A Mlonda amabwera pakhondepo ndi ndodo zawo ziwiri, kudzasoketsa nsapato imodzi. Amakhala pa benchi n'kumacheza ngati anthu amene anakwera basi imodzi. Nthawi zonse alamu amafunsa motsitsa mawu kuti, "Kumene kuja sanandifunse?" A Mlonda amati sanamve, koma akapitako adzawakumbutsa. Nkhalamba imeneyo ndi yoipa mtima kuposa ine.

Mukadutsa pa sitolo ya zitsulo, yang'anani kumapazi kwa wosoka nsapatoyo. Yakumanja ndi yosokedwa bwino, yopakidwa polishi, yonyezimira. Yakumanzere yayasama ngati ng'ona, zala zili panja. Ndikawafunsa amati n'kutaya ulusi.

Mlongo wanga anasiya kugulitsa tomato kumsika. Anasamutsira tebulo lake pakhonde lomwelo, pafupi ndi kampando ka amuna ake, ngakhale kuti ogula misomali sagula tomato. Ambulansi ikamadutsa mumsewu ikulira, alamu amaika nsapato pansi, amaimirira, n'kuyamba kupinda thalauza lakumanzere. Mlongo wanga satembenuka n'komwe.

"Bambo a ana, khalani pansi."

"Chabwino."

Ndipo amayang'anitsitsa uku ndi uku, tomato ali m'manja, kuti pasapezeke wina wolankhula pambuyo pake. Ine amandithamangitsa ndikangotsegula pakamwa.